Khola la kalulu m'chipinda cha ababa

Ababa anadwala sitiroko ali m'munda wa kachewere kwathu ku Mlangeni, patangotha chaka chimwalirireni amayi. Potuluka m'chipatala dzanja lamanja linali litafa, mwendo ankachita kukoka, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Achimwene anga awiri anali kutali pa ntchito, choncho ndinawatenga ine kudzakhala nawo pa Nsipe, pomwe ndinkagulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Amuna anga anali ku Joni masiku amenewo, ndiye nyumba ya zipinda ziwiri inatikwanira.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Ababa anali munthu wosakhala pansi. Zitseko za kwathu, mipando, mipini, ngakhale goli la ng'ombe ankapanga okha. Tsopano ankangokhala pampando pafupi ndi zenera. Ndinkawasiya m'mawa ndi phala, masana n'kuwapeza pomwepo, phala litachita kugwirana m'mbale. Ndikawafunsa momwe aswerera ankangogwedeza mutu. Zida zawo za ukalipentala anakakamira kuti tibwere nazo, koma thumba lake linangokhala kunsi kwa bedi osalikhudza.

Kalulu anabwera ndi mayi wina wachisilamu amene anali ndi golosale pafupi ndi benchi langa. Alamu awo a ku Kandeu ankaweta akalulu ndipo anawatumizira awiri. Mmodzi anandipatsa ine, amvekere odwala akamweko msuzi mwina chilakolako cha chakudya chingabwerere. Ndinamunyamula m'katoni. Anali woyera, khutu limodzi lofiirira, wosakula kwenikweni. Nditafika ndinaika katoniyo pambali pa ababa n'kutuluka kukanola mpeni.

Pobwerera ndinapeza kalulu uja ali pamiyendo pawo. Anali atanyamula dzanja lakufa lija ndi lamanzere n'kuliika pamsana pake, ndipo kanyamako kanangoti phee pansi pa dzanjalo. Ababa anayang'ana mpeni, kenako anandiyang'ana ine.

"Ameneyu ayi," anatero.

Mpeni uja ndinakadulira masamba.

Kumusunga sikunali kophweka. Panja sakanakhala, chifukwa agalu a pamsika ankayendayenda paliponse. M'nyumba namo anaonetsa khalidwe lake msanga. Anadya m'mphepete mwa mphasa, anaboola thumba la chimanga, anadula waya wa wailesi, ndipo pakona iliyonse ankasiya timibulu ndi mkodzo wonunkha. Tsiku lina nditabwera kuchokera kumsika nditatopa, ndinaponda ponyowa pakhomo penipeni, mtima n'kundipsa. Ndinawauza ababa kuti mawa ndikamubweza kwa eni ake. Iwo anati timumangire khola m'chipinda mwawo momwemo. Ndinafunsa kuti amange ndani, poti ndalama zolembera mmisiri ganyu ndinalibe.

"Inu mayi. Manja muli nawo awiri."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anapempha khala la moto lozima, anawerama movutikira, n'kujambula pasimenti ndi dzanja lamanzere. Mizere yake inali yokhotakhota, koma khola linkaoneka ndithu: miyendo inayi, pogona, chitseko.

Sitinagule kanthu kalikonse. Matabwa ndinaphwasula ku mabokosi akale a tomato amene anali atathyoka pansi. Misomali ndinazula m'mabokosi omwewo, ndipo ababa anandionetsa kuwongola kwake pamwala, kuugubuduza pang'onopang'ono uku ukumenya. Nsungwi ndinakadula kumtsinje. Mayi a golosale aja atamva nkhaniyi anaseka mpaka kupukuta misozi, kuti ndiwo yasanduka mwana wa m'nyumba, koma anandipatsa waya wa sefa wotsala pa mazenera a sitolo yawo.

Tinagwira masana atatu, ndikaweruka msanga kumsika. Ababa ankakhala pampando, ine pansi, kalulu ali m'dengu lovundikira. Hamala ndinkaigwira pafupi ndi mutu ngati ndikuopa kuti indithawa. Iwo ankandigunda ndi ndodo pachigongono kuti ndigwire kumapeto kwa mpini. Nsungwi zoyamba zonse zinang'ambika. Anandiuza kuti ndiyambe ndafooketsa nsonga ya msomali ndi hamala ndisanakhome, ndipo zinasiya kung'ambika. Pansi pa khola anati nsungwi zitalikirane pang'ono, mpata wosakwana chala chaching'ono, kuti zitosi zizigwa koma phazi lisakodwe. Kunsi kwake tinaika chidutswa cha lata chopinda m'mbali, chothira phulusa ndi utuchi, choti ndizisolola m'mawa n'kukataya kudimba. Mbali imodzi tinatseka ndi matabwa okhaokha kuti mukhale mdima, poti ati kalulu amafuna pobisala. Miyendo anaiyeza ndi bondo lawo atakhala pampando, kuti azifikira osawerama.

Tsiku lachiwiri ndinadzimenya chala chachikulu. Ndinadumpha n'kumazungulira chipinda chonse chala chili m'kamwa. Apo ndi pamene ndinamva ababa akuseka koyamba chidwalireni. Kamwa linapotokera mbali imodzi, phewa likugwedezeka, misozi ikutsika. Ndinakhala pansi n'kuseka nawo, chikhadabo chikuda.

Chitseko ndicho chinatikanganitsa. Mahinjesi tinalibe, ndiye tinadula mphira ya tayala lakale la njinga n'kukhomera. Nditamaliza chinkatseka ndithu, koma chinapendama. Ine ndinati kalulu sadziwa chitseko chowongoka. Ababa anakana, anati ndichotse ndiyambirenso. Ndikuzula misomali ndinayamba kung'ung'udza. Ndinawakumbutsa kuti ndili mwana ndikangoyandikira pomwe ankapala matabwa ankandithamangitsa kuti ndipite kwa amayi, zida n'za anyamata, ndiye lero akufuna ndidziwe zonse tsiku limodzi. Ndinalankhula moseka, koma pansi pake panali kachilonda kakale.

Mawu ankawasaka limodzilimodzi.

"Ndinalakwa pamenepo. Diso muli nalo kuposa anyamata aja."

Sindinadzutse mutu. Ndinapitiriza kuzula misomali, ndipo chitseko chachiwiri chinawongoka. Chotsekera chake chinali msomali wopinda woti munthu atha kuutembenuza ndi dzanja limodzi.

Khola tinaliika pansi pa zenera, pambali pa mpando wawo. Kalulu atalowa ananunkhiza ngodya zonse, anasisita chibwano pa nsungwi, kenako anakalowa mumdima muja n'kutulutsa mphuno yokha. Ababa anatsegula ndi kutseka chitseko kangapo, osati poyesa kalulu koma poyesa dzanja lawo.

Poyamba chakudya chake ndinkabwera nacho ine, makoko a kabichi otsala pabenchi ndi madeya. Ababa anayamba kudandaula kuti kabichi wochuluka amutupitsa mimba, pamafunika chisoso ndi masamba a mbatata. Ndinati nthawi yokathyola ndilibe. Mawa lake ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atatsamira ndodo, chisoso chili m'thumba la jekete. Panali pafupi, mwina mapazi makumi awiri, koma thukuta linali kamukamu. Patapita mwezi ankafika kumpanda wa aneba. Mvula isanagwe ankafika m'mphepete mwa dimba, n'kumaima kucheza ndi anthu opita kumsika.

Ankalankhula naye kalulu uja. Ndikamaphika ndinkamva akumufotokozera za ng'ombe zimene anali nazo kale, za chaka chimene kachewere anawola ndi mvula, za amayi. Zina mwa nkhanizo ine ndinali ndisanazimvepo. Dzina sanamupatse, ankangoti mnzangayu. M'mwezi wa Juni, mphepo ya kumapiri ikamalowa m'mazenera, ankafunditsa khola ndi nsalu yachipani imene ndinalandira pa kampeni, ati bola yapeza ntchito.

Ababa anakhala nafe madzinja ena awiri. Sitiroko yachiwiri inawapeza m'mawa wina atangomaliza kusintha madzi m'kambale ka m'khola, ndipo anamwalira m'chipatala patatha masiku anayi. Tinakawaika ku Mlangeni pambali pa amayi. Masiku onse a maliro, mayi a golosale aja ndi amene ankabwera kudzadyetsa kalulu.

Nditabwerera ndinasolola lata, ndinathira phulusa latsopano, n'kutsegula chitseko cha khola kuti kalulu awongole miyendo monga ankachitira ababa masana aliwonse. Anatsika n'kupita pampando paja. Anaima ndi miyendo yakumbuyo, ananunkhiza, n'kukhala pansi pake. Anachita zimenezi masiku ambiri, ndipo ine mpandowo sindinausunthe. Sabata yachitatu, ndili pamphasa kusankha nyemba, anabwera n'kundigunda ndi mphuno pa phazi. Ndinaika lichero pambali n'kumunyamula.