Maliro Anga a mu Gawo Lachiwiri

Mnzathu wa ku Joni atabwera ndi maganizo oti tijambule gawo lachiwiri la filimu yathu, anthu onse anati ameneyo ndiye mnzako weniweni, wosaiwala kumene anachokera. Ine ndekha ndinagwira mtima. Munthu sachoka kutali konseko, mutu utayamba kale imvi, kudzangosewera sewero kumapiri a Dowa.

Filimu yoyambayo tinajambula tili achinyamata, nthawi imene tinkachita masewero kumpingo kwathu kufupi ndi pa Chezi. Tinalipo anayi. Panali iyeyu, amene Joni ankangoimva pa wailesi. Panali mnzathu wina wamfupi, amene amalume ake anali ndi kamera yojambulira maukwati. Panali mtsikana wa mu kwaya, wa mawu omveka mpaka kutsidya. Ndiye ine, mlendo wochokera ku Ntchisi, amene ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Nkhani yake inali yosavuta. Mnyamata wosauka akondana ndi mtsikana, koma makolo amupereka mtsikanayo kwa mlimi wa fodya wolemera, wamimba, wankhanza. Mnyamatayo akwera minibasi kupita kutali, mtsikana atsala akulira pa siteji. Mnyamata wosauka anali mnzathuyu. Wamimba ndinali ine, nditaika pilo m'malaya.

Moyo nawo ndi waulesi, unangokopera filimuyo. Pasanapite nthawi mnzathu anakweradi basi ya ku Joni, ndipo mtsikana wa mu kwaya uja ndi amene lero ali mayi wa ana anga. Ndinakhala pachikamwini kwawo komweko. Pilo sindiifunanso, mimba inabwera yokha. Chuma chokha ndicho chinakana kutsatira nkhaniyo.

Filimuyo inayenda m'nyumba za vidiyo pa Chezi, kwa Msakambewa mpaka pa boma, ndipo anthu sanaiiwale. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika pamapezeka wina wondikuwira kuti abambo inu munalanda mkazi wa mwini. Ndimaseka nawo. Koma nthabwala ikabwerezedwa kwa zaka zambiri imasiya kukhala nthabwala, imayamba kukufunsa mafunso uli wekha kumunda.

Wa ku Joni uja anafika ndi galimoto yahayala ndi makamera awiri. Ine anandipatsa chipewa chondithina. Mkazi wanga anamupatsa chitenje, akumutchula kuti alamu mwaulemu wonse, manja awiri. Chitenjecho chinali chobiriwira, mtundu umene mkazi wanga amaukonda. Anamuuza ndani? Ndinafunsa mkazi wanga ngati ankalemberana pa foni, iye anati chobiriwira ankachikonda kale ndisanamudziwe. Yankho limenelo silinandithandize m'pang'ono pomwe.

Madzulo ena dzuwa likadalipo tinakhala pakhonde n'kuonera filimu yakale ija pa laputopu yake. Sindinama, inandigwira mtima. Tinali owonda ngati nzimbe, mano onse alipo, ndipo phiri la kuseri kwa sukulu linali ndi mitengo yake. Wamfupi uja, amene tsopano amagulitsa mbuzi ndipo akuvutika ndi shuga, ankangopukuta m'maso. Mkazi wanga anaseka chopendeketsa mutu, kuseka kumene ndinali ndisanakumve kuyambira kalekale, ndipo kunandipweteka kuti wakubweretsa ndi munthu wina. Kenaka wa ku Joni anayamba kudandaula. Anati zaka zake zinathera pa geti ya anthu ena ndi kutchetcha kapinga, banja linatha, nyumba alibe, ndipo chinthu chokha chimene anapanga ndi manja ake n'kumachinyadira ndi filimu imeneyi.

"Ndinataya moyo, aise," anatero. "Iwe unachita bwino kutsala."

Ankalankhula ndi ine, koma maso ake anali pa mtedza umene mkazi wanga ankasenda.

Nkhani ya gawo lachiwiri anaifotokoza tsiku lomwelo. Wamimba uja amwalira koyambirira kwenikweni. Mnyamata abwera kuchokera kutali, apeza wokondedwa wake ali namfedwa. Nditafunsa kuti nanga mathero ake ndi otani, anati sanaganizire, tidzaona tikamapita. Taonani nkhani yake. Munthu wabwera ndi makamera awiri, wadziwa kale tsiku londipha, koma zimene achite ndi mkazi wamasiyeyo akuti adzaona m'tsogolo.

Ndikanatha kukana. Wamfupi anandipatsa ngakhale pothawira, ponena kuti munthu wamoyo kugona ngati maliro ndi kudzilaula. Mkazi wanga anati ndi sewero chabe, ndipo ngati ndikuopa angapeze wina wogona pamphasapo. Ndinavomera msanga, koma osati chifukwa chokonda luso. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chimene ndinkachita mantha kufunsa: kodi mkazi ameneyu wakhala nane zaka zonsezi chifukwa chondifuna, kapena chifukwa basi ija inamusiya? Ndinadziuza kuti munthu wogona chagada, nsalu ili kumaso, amamva bwino kusiyana kwa kulira kwenikweni ndi kulira kwa ganyu.

Tinajambula Loweruka lina m'mawa, nyengo yozizira, fodya atatha kugulitsidwa. Mkulu wa mpingo tinamuuza, anansi oyandikana nawo tinawauza, ndipo ena a iwo anavomera kukhala anamalira. Anatulutsa mipando pabalaza, nayala mphasa, ine n'kugonapo. Thonje la m'mphuno ndinakana, zina n'zopyola muyeso. Chimene sindinadziwe n'chakuti wamfupi, pofuna kuti zioneke zenizeni, anathyola nthambi n'kukaziika pamsewu mbali zonse ziwiri za nyumba yathu. Anati maliro opanda masamba pamsewu si maliro. Anaiwala kuti msewu sunauzidwe kuti ndi filimu.

Nsalu itandiphimba ndinamva wa ku Joni akunena kuti tiyambe. Mkazi wanga anayamba pansipansi. Ndinkayembekeza mawu a mu filimu, olira mlimi wankhanza uja mwamwambo chabe. Si zimene zinatuluka.

"Bambo a ana anga ine, mwandisiya ndi yani? Ndani adzakhosomola pakhomo asanalowe? Munandikweza pa njinga mvula ikugwa mpaka kuchipatala pa boma, munavula jekete kundifunditsa ine. Nthutumba ya nkhuku munkandibisira ana asaone. Mwapita osatsanzika, bambo anga ine."

Zonsezo zinali zoona, zathu za m'nyumba, zimene wina aliyense sakanamulembera. Njinga ija ndinali nditaiiwala ndekha. Misozi inatsika n'kulowa m'makutu, ndipo ndinachita kudziluma lilime kuti chifuwa chisagwedezeke. Pa nthawi imeneyo ndinachita manyazi ndi maganizo anga onse. Ndinati mkazi uyu ndi wanga, wa ku Joni akhoza kujambula magawo ngakhale khumi.

Ndili m'kati modzikhululukira chonchi, kulira kunayamba kuchuluka. Ndinamva mawu amene sindinawazindikire, mapazi ambiri pakhomo, mabelu a njinga. Anthu odutsa ataona masamba anatsika pa njinga monga mwa mwambo, namva kulira, nafunsa kuti ndi kwa yani, n'kupatuka. Amayi amene ankapita kuchigayo anatula madengu n'kulowa m'nyumba akulira kale. Wa ku Joni sanaimitse kamera. Anapeza khamu laulere, angalisiye bwanji? Anadikira mpaka nyumba inadzaza, ndiye n'kunena kuti basi, zakwana.

Ine pomva zimenezo ndinadzuka n'kukhala tsonga, nsalu n'kugwa. Zimene zinachitika pakhomo paja anthu amazikambabe. Ena anatulukira pazenera, wina anasiya patapata imodzi imene sanabwerenso kudzaitenga. Mkulu wa mpingo anatikalipira ngati ana a sande sukulu, masamba anachotsedwa, ndipo wamfupi anayenda nyumba ndi nyumba kupepesa. Wina anali ataimbira kale mlongo wanga ku Ntchisi. Nditamuimbira ndekha kuti ndili moyo, anadula foni poganiza kuti ndi mzukwa.

Koma pa chipwirikiti chonsecho ine ndinkayang'ana munthu mmodzi. Mawu oti zakwana atangomveka, mkazi wanga anasiya kulira ngati kutseka mpopi. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, anamina, n'kufunsa wa ku Joni ndi mawu a tsiku ndi tsiku kuti, "Alamu, mawu amamveka bwino?" Kenaka awiriwo anaweramira kamera, mitu itayandikana, akuonera mmene zatulukira. Pakhonde panali mayi wina wachikulire wa kwa Msakambewa, amene ndinangomuphunzitsira mwana kalekale. Ameneyo anali akusisimabe ngakhale ankandiona ndikuyenda, mtima unakana kubwerera msanga. Mlendo akulephera kusiya, mwini maliro wauma kale m'maso.

Chikaiko chija chinabwerera ndi abale ake. Ndinayamba kuganiza kuti njinga yanga, jekete langa ndi nthutumba yanga wazisandutsa ndiwo za filimu ya munthu wina. Ngati angathe kulira chonchi pouzidwa kuti yambani, n'kusiya pouzidwa kuti zakwana, nanga misozi ina yonse imene ndinaiona m'nyumba muno ndiiwerengere mbali iti? Ndinakwiya, ndipo chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti panalibe mlandu woti ndimuimbe. Analira bwino, basi.

Dzuwa litapendeka wa ku Joni anati tibwereze, chifukwa khamu lija linatchinga kuwala ndipo nkhope ya namfedwa sinaoneke bwino. Wamfupi anandiuza kuti ndikuoneka wotopa, tisiye. Ndinati sindinatope. Ndinkafuna kumvanso, ulendo uno ndi makutu ouma. Tinatseka chitseko, panatsala anansi ochepa okha, ine n'kugonanso pamphasa paja.

Mkazi wanga anayamba chimodzimodzi, pansipansi. Kukhosomola pakhomo kunabwera, njinga inabwera, ndipo mawu anadukira pamalo omwe aja, pa jekete. Ndinagona pamenepo ndikuwerenga zonsezi ngati mphunzitsi amene wagwira ana awiri akukoperana mayeso. Sindinagwetse msozi. Ndinkangodikira kuti amalize, ndidzuke, ndikamufunse bwino alendo akapita.

Atafika pa nthutumba anadzigwetsa pachifuwa panga monga amachitira anamfedwa, anansi n'kukweza kulira kuti amuthandize. Ndinamva nkhope yake pansalu, pafupi ndi khutu langa. Inali yonyowa. Analankhula motsitsa kwambiri, mawu amene kamera sikanawatola.

"Ndikudziwa chimene mwagonera apa. Mukundiyesa. Zaka zonsezi ndakhala nanu muli wamoyo simunandikhulupirire, ndiye mukhulupirira lero muli wakufa?"

Anadzutsa mutu n'kupitiriza kulira mokweza. Kamera inali ikujambulabe, ndipo ine ndinali maliro, sindikanatha kuyankha.