Nyumba inafota pa kompyuta, alamu anga sanafote

Loweruka ndinali ku Nyimba kukathandiza alongo anga, amake Tisa, kusamukira m'nyumba yawo yatsopano. Mipando inalowa chopendeka, matilesi tinachita kupinda. Kenako tinakankha amuna awo, aDaka, omwe chiwagwireni sitiroko amayendera njinga ya olumala. Itafika pakhomo, matayala onse awiri anagunda felemu. Tinayesa chakutsogolo, tinayesa chambuyo, njinga inakana.

Nkhani yake ili motere. Alongo angawo anapita kwa bambo wina wojambula mapulani a nyumba kwathu ku Petauke. Bamboyo anawatsegulira kompyuta n'kuwaonetsa chinyumba cha kumayadi ku Lusaka, akuchitembenuza uku ndi uku ngati chimanga chootcha. Pakhonde pake panali kachithunzi ka munthu ataima, manja ali m'thumba. Alongo anga anakomedwa nacho. Vuto linali puloti, poti ndi kakang'ono, kopanikizana ndi mipanda ya anzawo.

"Musade nkhawa, amai," anatero bamboyo. "Nizachepesako chabe. Ni kompyuta iyi."

Anasankha nyumba yonse pa kompyutapo, kukoka pakona, nyumba n'kufota mpaka kukwana papuloti. Zipinda zinafota, makomo anafota, bafa ndi chimbudzi chimodzimodzi. Kamunthu kapakhonde kaja nako kanafotera limodzi. Ndiye pa kompyuta zonse zinali myaa, kamunthu kakukwana pakhomo, mpata n'kutsalako.

Tandiuzani awerengi, pamafunika sukulu yanji kuti munthu adziwe kuti chipinda ungachichepetse, koma khomo limayezedwa ndi wolowapo?

Ndinafunsa mmisiri amene anamanga. Anandiyankha akukanda m'mutu: "Ine nenze kukonkha chabe pepala, bambo." Mafelemu anachita kukaotcheretsa mwapadera, chifukwa m'mashopu simupezeka opapatiza chonchi. Ngakhale apo sanadabwe.

Komatu ndisanyoze awiriwa okha. Matendawa ndi athu tonse. Pepala likangotuluka m'makina timalikhulupirira kuposa maso athu. Pitani mukaone timashedi tina ta pamsika, momwe mayi wogulitsa nthochi sangatembenuke atabereka mwana. Kwerani minibasi ya ku Kacholola, mpando wa anthu atatu, kondakitala ali pakhomo: "Sendelani, ni wa asanu uwo." Kwathu kuno pulani silakwa. Wolakwa ndi iwe amene wakana kufota.

Alongo anganso sindiwasiya. Akanatha kupempha kanyumba ka zipinda ziwiri, makomo otakasuka. Koma ankafuna odutsa mumsewu azicheuka n'kumati ya ku Lusaka. Akucheukadi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku limenelo aDaka tinawanyamula anthu atatu ngati thumba la chimanga, chonsecho iwowa ndi mphunzitsi amene anaphunzitsa theka la anthu amene ankaonerera pabwalopo. Njinga tinaipinda n'kuilowetsa payokha. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka pano mtima ukundiwawa.

Titawakhazika m'chipinda chochezera, anayang'ana khomo la kuchimbudzi, lomwe ndi lopapatiza kuposa lakunja. Anayang'ananso akazi awo, omwe msana unayamba kalekale kuwavuta. Kenako anandikodola, n'kundifunsa chapansipansi kuti ena asamve:

"Alamu, imwe mubwelela ku Petauke lelo. Nanga mailo azaninyamula ndani?"