Mmene Zambezi Anadyera Njerwa Zathu

Nkhondo itatha, lole imene inatitenga kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi inatitsitsa ku Tete dzuwa lili paliwombo. Tinali atatu: ine, amuna anga, ndi mwana wathu wamkazi kumbuyo. Kwathu kwenikweni ndi ku Angoniya, koma tinamva kuti m'minda mwathu mudakali mabomba okwirira, ndiye tinati tiyambe takhala m'tauni. Amuna anga anapeza ganyu yotsitsa matumba a kachewere pamsika. Ine m'mutu mwanga munali nyumba basi. Zaka zonse za kumsasa ndinagona pansi pa pulasitiki, ndipo ndinalumbira kuti mwanayu akulira m'nyumba ya njerwa, ya chitseko chokiya.

Sekeretale wa bairo, amene ali ngati mfumu ya dera la m'tauni, anati kumunsi, pafupi ndi Zambezi, malo alipo, kungoti anthu sawafuna. Ife sitinafunse chifukwa chake. Titafika ndinatsala pang'ono kululuta. Malo athyathyathya, dothi lakuda lonona, madzi pomwepo! Kwathu malo otere abale amadana nawo. Amuna anga anatapa dothi, kulinyowetsa ndi malovu, kulifinya m'manja.

"Mayi a mwana, ili ndi la njerwa ili. Anthu akuno akugona."

Tinamanga kachisakasa ka bango n'kubwereka chikombole. Inali nthawi ya dzinja, ndipo ku Angoniya munthu woumba njerwa dzinja amam'tcha wamisala. Koma kuno kumwamba kunali mbee. Kamvula kakagwa, pofika masana fumbi. Tinati ndi mwayi wathu umenewu. Tinamweta udzu wofunditsira njerwa mitambo ikabwera, ndipo m'mawa uliwonse ndikatuluka, choyamba ndinkayang'ana kumwamba, monga anatiphunzitsira kwathu.

Ha, mmene ndinkasangalalira masiku amenewo! Amuna anga ankaponda dothi asanapite kumsika, ine n'kutsala ndikuumba, mwana ali pamthunzi wa msawu akudya mchenga. Njerwa za ku Tete sizichedwa kuuma. Ndinkayenda pakati pa mizere ndikuloza: izi za chipinda chogona, izi za pabalaza. Matuza m'manja sindinkawamva.

Pafupi nafe panali dimba la mayi wina Mnyungwe, msinkhu wanga, wogulitsa nsomba zouma. Nyumba yake inali kumtunda, kuno anali ndi kamsasa chabe. Tinkaitanana kuti vizinya, ndiye kuti mnansi m'Chipwitikizi. Iye ankalankhula Chinyungwe, ine Chinyanja, n'kukumana pakati.

"Muli tani, vizinya? Mukadaphikirabe mtsinje phala?"

"Phala lanji? Ndi nyumba iyi."

"Madzi akubwera, m'bale wanga."

Ndinamulozera kumwamba. "Achokera kuti? Mtambo mukuwuona?"

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "A ku Angoniya inu! Khosi lidzakupwetekani n'kuyang'ana kumwamba."

Ine ndinati ndi nsanje. Madzulo ndinauza amuna anga, iwo anati vizinyayo azilankhula, adzabwera kudzapempha mthunzi pakhonde pathu.

Tinasanja uvuni, nkhuni tinaunjika, kuti Loweruka tiyatse. Lachinayi m'mawa ndinapita kumtsinje kukatunga madzi, ndipo ndinadabwa kuti ndafika msanga. Mwala umene ndinkachapirapo sunkaoneka. Kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinabwerera n'kuyamba kusesa. Pofika masana madzi anali m'nkhuti imene tinkakumbamo dothi, akuyenda mwakachetechete ngati mlendo wamanyazi. Vizinya anatulukira akuthamanga, akuthyola maungu ake aang'ono n'kuponya m'dengu.

"Nyamulani mwana ndi mapoto! Mvula yagwa kutali iyi, kumayiko kumene inu ndi ine sitinafikeko. Fulumirani!"

Amuna anga atafika kuchokera kumsika, madzi anali m'mawondo. Nkhuni zathu zinkapita pamzere ngati zaitanidwa. Iwo anakumbatira njerwa zinayi n'kuyamba kuthamanga nazo, osadziwa n'kolowera komwe. Uvuni unayamba kusungunuka kuyambira pansi, kenako unagwada ngati ng'ombe yotopa, n'kukhala pansi. Tinaimirira pamsewu thukuta lili chuchuchu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuwedza nsomba ndi makapulana, zitenje za kuno, pamwamba pa chipinda changa chogona. Ndinalira, sindikana. Koma nditaona amuna anga atakumbatirabe njerwa zinayi zija ngati ana amapasa, chiseko chinandigwira, ndipo sindinadziwe ngati ndikulira kapena kuseka.

Vizinya anatisunga pakhonde pake. M'pamene mkangano unayamba.

"Madzi akaphwa tiumbanso," anatero amuna anga. "Tikweza maziko kufika m'chiuno."

"Bambo a mwana, pomwe paja?"

"Pomwe paja. Ndinathawa mfuti, ndithawenso madzi? Ndidzaleka liti kuthawa? Malo anatipatsa, ndi athu."

Ndinawamvetsa. Munthu amene wakhala zaka akuimirira pamzere wa ufa, akapeza pake safuna kumva zosamuka. Inenso dothi lija ndinkalikonda. Sindinakangane nawo. Ndinadikira sabata ziwiri mpaka madzi ataphwa, kenako ndinafunsa vizinya ngati awa ndiwo madzi aakulu.

"Awa? Awa anangobwera kudzapereka moni."

Ndinamupempha kuti asandiuze ine ndekha. Lamulungu tonse atatu tinatsetserekera kumunsi, matope akumata kumapazi. Kupitirira malo athu pang'ono kunali kanyumba kakale ka simenti, kopanda denga, kamene kale munali mpope wa madzi. Vizinya anatisonyeza khoma lake. Linali ndi mizere yokanda ndi msomali, ina pansi, ina pamwamba. Anati eni madimba amakanda pamene madzi alekezera, chaka chilichonse chimene abwera. Anatola msomali pamng'alu, n'kukanda mzere wa chaka chimenecho pamene matope analekezera. Unali wachiwiri kuchokera pansi.

Ine ndinapita kukaima chotsamira khoma, mwana ali kumbuyo.

"Bambo a mwana, taonani. Wapamwambawo uli pati?"

Anayang'ana. Unali pamwamba pa duku langa. Anabwera n'kuima iwo, unawafika pamphumi.

"Maziko a m'chiuno aja," anatero vizinya, "mwina muwamange m'chiuno mwa ndege."

Amuna anga sanaseke. Anayang'ana mwana, amene ankakanda khoma ndi kachala. Kenako anati, "Nanga kumtunda tikamanga ndi chiyani? Kulibe dothi, miyala yokhayokha."

"Achimwene, mwanena nokha," anatero vizinya. "Khonde limene mukugonapo lija mwaliyang'ana? Kapena kumeneko mumayang'ananso kumwamba?"

Zoonadi, sabata ziwiri tinagona pakhoma la miyala osaliona. Kwathu mwala ndi wa mafuwa ndi wonolera mpeni, palibe amene amamangira nyumba. Tinabwerera pafupifupi chothamanga. Ndinalisisita khoma lija, kuona mmene anasanjira, waukulu pansi, ting'onoting'ono totsekera m'mipata, dothi pang'ono chabe lomatira. Ndinatsalanso pang'ono kululuta ngati tsiku lija tinafika. Zomangira zinali mbwee paliponse, zosafuna chikombole, zosafuna nkhuni!

Sekeretale anatipatsa malo pachitunda cha ku Chimadzi, ndipo anavomera kuti akumunsi aja akhale dimba lathu. Tsiku loyamba khasu la amuna anga linalira ngwee, n'kupindika. Oyandikana nawo anatibwereka pikareta, piki yokumbira miyala, akuseka. Ine ndinkatuta miyala pamutu, ndipo ndinaphunzira kuigubuduza kaye ndi phazi chifukwa cha zinkhanira. Khoma loyamba linapendama, mlamu wake wa vizinya anatigwetsetsa, tinayambiranso. Lachiwiri linaima. Amuna anga analikankha ndi phewa, kulimenya ndi chibakera, kenako anakwera pamwamba pake n'kuyamba kuvina, anthu odutsa ndi mbuzi zawo akuima kuonerera.

"Mayi a mwana, kaitaneni mtsinje uja ubwere udzayese!"

"Tsikani, mungathyoke tisanafolere!"

Tinalowa chipinda chimodzi chokha chili ndi denga. Kumtunda kuno madzi ndi akutali, ndowa imodzi umafika nayo khosi litauma, ndipo miyala imasunga kutentha mpaka nkhuku zimayasamula. Ndimadandaula mpaka lero. Koma tsiku limene kalipentala anapachika chitseko, ndinamutulutsa aliyense, ndinalowa ndi mwana wanga, n'kukiya. Ndinatsekula, n'kukiyanso. Amuna anga anagogoda panja akuti dzuwa lawapha, ine ndinati ayambe aodira kaye ngati alendo.