Manja a Hulda pa Pepala

Hulda Ekstrom ndinagwira naye ntchito zaka khumi ndi chimodzi m'nyumba ya alendi ku Chicago, ine kukhitchini, iye kochapira. Anali mkazi wosalankhulalankhula, koma akagwira cholembera bodza lake linali losalala. Mwezi uliwonse ankalembera mayi ake ku Sweden kuti kuno ali pabwino, amayang'anira nyumba yaikulu, ntchito yake n'kuloza ndi chala basi. Chonsecho tsiku lonse manja ali m'madzi otentha a sopo, kuchapa nsalu za pabedi za anthu makumi awiri.

M'chaka cha 1906 mayi akewo analemba kuti maso ayamba kuchita chidima, ndipo akufuna kuona nkhope ya mwana wawo asanatheretu. Apa n'kuti patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asakuonana. Hulda anasowa mtendere. Nditamuuza kuti apite kwa wojambula ndi kamera, anakanitsitsa.

"Chimakina chija sungachiuze zochita," anatero. "Koma munthu ungamuuze."

Munthuyo anali Warren Tibbets, mlendi wa m'chipinda chapamwamba, amene ankaphunzira zojambulajambula. Masiku ano anthu amaima pamzere kukaona zithunzi zake zapenti, zamizeremizere zosadziwika kumutu ndi kumiyendo. Nthawi imeneyo anali munthu woonda, wa zala zakuda ndi makala, wakuba buledi wanga. Sankadya ayi. Ankakanya zam'kati mwa bulediyo n'kumafufutira makala papepala pomwe akufuna pawale.

Hulda anamukhalira pampando Lamulungu atatu otsatizana, atavala diresi yakutchalitchi, manja atasanjika pamiyendo. Tsiku lomaliza Warren anatembenuza pepala kuti aone. Ine ndinali pakhomo, ndipo ndinamva chisoni. Chithunzicho chinali Hulda weniweni: makwinya apamphumi, masaya olowa, maso a munthu wosapuma.

"Iwe Warren, ameneyu ndi ine kapena agogo anga?"

"Mayi, ndajambula zimene ndaona."

"Anakutuma kuona ndani? Ndinati undijambule, basi!"

Warren anakana kusintha ngakhale kamzere kamodzi. Anati mawa achipopera mankhwala oti makala agwire, ndipo mpaka nthawi imeneyo wina asachikhudze. Atanena izi anatuluka kukawongola miyendo.

Sipanatenge nthawi, Hulda anatulukira kukhitchini.

"Achemwali, tandipatsani buledi."

"Mwamva njala?"

"Musandifunse ngati simukudziwa."

Ndinkadziwadi, ndipo tchimo limeneli tinagawana pakati, chifukwa ndine ndinagwira ngodya za pepala. Anakanya bulediyo monga ankaonera kwa Warren, n'kuyamba ndi pamphumi. Koma dzanja lozolowera kukhula kolala ya malaya silidziwa kuchita pang'ono. Makwinya anachoka, masaya nawo anapita, mphuno inatsala theka. Pomaliza nkhope inangoti mbee ngati mbale yotsuka.

Warren atabwera anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti ang'amba. Iye anangoti, "Nkhope ndi yanu, Mayi," ndipo m'mawa mwake anapopera mankhwala aja. Hulda anachipiringiza bwinobwino n'kuchitumiza.

Yankho linafika patapita miyezi iwiri. Analiwerenga ataimirira pafupi ndi chitofu, poyamba chamumtima, kenako anandimasulira.

"Mwana wanga, nkhopeyo sindikuiona bwino, yangoyera ngati nkhungu, kaya ndi maso angawa. Koma manjawo ndawadziwa. Ndi manja anga enieni, zala zotupa, khungu long'aluka ndi sopo. Woloza ndi chala sakhala ndi manja otere. Ndinawapsompsona papepala pomwepo. Usavutikenso kundikometsera nkhani. Ndilembere zoona ndikadali moyo."

Tonse awiri tinali titatanganidwa ndi nkhope, manja osawaganizira n'komwe. Warren anali atawajambula mosamala kuposa china chilichonse, mfundo iliyonse ya chala.

Hulda analira, ndipo inenso ndinalira, supu n'kupserera. Ndakhala ndikuganiza kuti mwina mayi aja ankadziwa kalekale, ankangodikira poyambira. Anamwalira chaka chotsatira, atalandira makalata asanu ndi awiri opanda bodza. Yoyamba Hulda anailemba masana omwewo patebulo langa, atapukuta manja paepuloni. Anandiwerengera mzere woyamba wokha: "Amayi, lero ndachapa nsalu makumi anayi, ndipo msana ukundipweteka."