Fupa la a Mbewe linalumikizana mokhota

Lachinayi lapitali ndinaperekeza a Mbewe kuchipatala kuti madokotala akawathyole fupa. Mwawerenga bwino, akawathyole.

A Mbewe ndi mlonda mnzanga pa hotelo ina ku Al Mirqab, kuno kudziko la Aluya, kumene alendo amabindikiritsidwa chifukwa cha kolona. Masabata asanu apitawo anaterereka pa masitepe atanyamula chakudya, mkono n'kutupa ngati dzungu. Mayi wina wa ku Finland, mphunzitsi wa zinenero, anasuzumira pakhomo la chipinda chake n'kunena kuti fupa limenelo lathyoka.

"Mafi mushkila, palibe vuto, madam, ndili bwino," anatero a Mbewe, thukuta lili kamukamu.

Mayiyo, poti anali atasowa wocheza naye, anandifunsa kuti fupa timalitchula bwanji kwathu. Kwawo akuti ndi luu. Ku Estonia ndi luu yemweyo. A Komi a ku Russia amati ly, a Mansi a ku Siberia amati luw. Liwu limodzi la makolo awo akalekale, layenda zaka zikwizikwi m'chipale chofewa, osafunsidwa chiphaso pamalire alionse.

Ndinachita nalo nsanje liwu limeneli. Ife kuti tisinthe ntchito, kuchoka pa geti ina kupita pa geti ina, tinkadikira kalata ya bwana yotimasula. Lamulo latsopano linachotsa kalatayo, ndipo a Mbewe anali atapeza kale ntchito yoyendetsa galimoto. Kwa bwana wakale anali atatsanzika.

"Achimwene, abwana atsopanowa akandiona ndi pulasitala andicancella, ntchito ilephereka," anandinong'oneza. "Ndingopirira mpaka ndisaine contract."

Anamanga mkonowo ndi sokosi, n'kumaupaka mafuta otentha. Ine ndinawathandiza kumanga, ndipo mpaka pano zimandichititsa manyazi.

Si mmene tilili Amalawi? Munthu akubuula, ukamufunsa amati "pang'ono chabe". Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kuno wamva m'mimba amamwetulira n'kuimirira pa geti maola ake onse.

Tsiku lowayesa kuyendetsa, dzanja linakana kukhotetsa chiwongolero. Ntchito yatsopano inapita kwa wina, yakale ikutha Lolemba. Fupa linalumikizana lokha, mokhota, n'chifukwa chake madokotala analithyolanso.

Potuluka m'chipatala namwino anawafunsa mmene akumvera. A Mbewe anayankha kuti ali bwino kwambiri, ndipo anathokoza kawiri.

Kalata ija boma linaichotsa ndi cholembera. Nanga mantha athuwa, adzatisainira ndani kuti tiwasiye?