Nthochi za Kuseri kwa Mpanda

Ku mishoni anatiphunzitsa kuti kuyamikira munthu n'kumuononga, koma aneba anga, bambo achikulire olima fodya kuno kwa Njombwa, zimandivuta kusawayamikira. Salola madzi akuda kuyenda okha. Otsukira mbale amathira m'dzenje la miyala kuseri kwa khitchini, ndipo mpope wopopera mankhwala sautsukira kudambo kumene tonse timatunga. Amakonda kunena kuti, "Madzi ukawalekerera, amakafika kuchitsime iwe usanafike."

Chaka chatha ndinachita manyazi ndi madzi a m'bafa mwanga, omwe ankatsetserekera kwawo. Ndinakumba dzenje langa mwakachetechete, mumtima ndikudikira kuti andiyamikire.

Patapita masabata angapo anabwera.

"Aneba, kodi munasiya kusamba?"

"Ayi, ndimasamba."

"Nanga nthochi zanga zikufota bwanji?"

Anandionetsa kangalande kamene anakumba kalekale pansi pa mpanda, kotenga madzi anga kupita ku nthochi zawo, zomwe zija amandigawira n'kumamwera tiyi.

Dzenje langa ndinalikwirira. Tsopano ndimasamba m'mawa ndi madzulo, ndipo m'chilimwe, masamba a nthochi akayamba kufota, iwo sayang'ana kumwamba. Amayang'ana ine.