Amalume ndi gemu yanga ya kabaza

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Namitambo, pamene ndinapanga gemu yanga yoyamba. Mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Sikuti inali yonyansa ayi. Inali yokongola kuposa ya mnzanga amene anandipambana, ndipo zimenezi ndimazinenabe ngakhale palibe wandifunsa.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi watsopano, Madamu Chikopa, amene anayambitsa kalabu ya makompyuta. Makompyutawo analipo atatu, koma yachitatu inkayaka ikafuna yokha. Lachitatu lililonse masana, magetsi akatikomera mtima, tinkapanikizana m'kachipinda konunkha fumbi ndi choko. Ndi madamuwo amene anatiuza kuti magemu amene tinkabera kusewera pa mafoni a azichimwene athu sagwa kumwamba, alipo anthu amene amadyera pomwepo. Wina ajambula zithunzi, wina alemba malamulo amene kompyuta imatsatira, wina akonza nyimbo ndi phokoso. Ndiye pali wina amene ntchito yake ndi kuganizira munthu wosewerayo: aona chiyani, amva chiyani, afuna kuchita chiyani. Ine ndinatolapo kujambula ndi kulemba malamulo basi. Yomalizayo ndinaiyesa ntchito ya anthu olephera masamu.

Teremu yomaliza madamu anatiuza kuti sukulu yathu yapatsidwa malo amodzi ku maphunziro a masabata awiri ku Blantyre, a ana a sekondale ofuna kuphunzira kupanga magemu. Aliyense apange gemu yake, ndipo mwini gemu yabwino ndi amene adzapite. Malo amenewo ndinawafuna mpaka kudwala nawo. Kunyumba amayi anali atandisankhira kale unamwino, ndipo ndikatchula za makompyuta ankangoti, "Zamagemuzo udzadya?" Ndinkadziwa kuti ndikakwera minibasi ya ku Blantyre chifukwa cha magemu omwewo, funso limeneli lidzatha lokha.

Gemu yanga inali ya kabaza, njinga yochoka pa Milepa kupita pa Boma. Ndinajambula chilichonse ndi manja anga: maenje, mbuzi, nkhuku yothamanga ndi anapiye ake, anthu oima m'mbali mwa msewu. Panali mayi wina atasenza dengu, dzanja limodzi m'mwamba kuligwirira, amene ananditengera masabata awiri. Lamulo linali limodzi, lomwe ndinalitengera ku magemu a magalimoto a pa foni: pewa chilichonse. Ukagunda kanthu njinga inkagubuduka, pa sikirini nkutuluka mawu ofiira akuti WAGWA, kenako kuseka. Kusekako kunali kwa anzanga atatu, ndinawajambula ndekha pa foni ya madamu, ndipo ndinkanyadira nako kwambiri.

Anzanga akamayesa gemuyo ine ndinkaima kumbuyo kwawo ngati kondakitala. "Pewa mbuziyo! Anthuwo usawayandikire!" Onse ankafika pa Boma, onse ankati ndi yabwino. Pomaliza tinatsala awiri, ine ndi Yusufu. Ya Yusufu inali mango akugwa mumtengo, iwe nkumawawakha ndi dengu. Basi, palibenso china. Mangowo ankaoneka ngati mazira, ndipo ndinamuuza pamaso.

Kenako madamu anabweretsa lamulo limene linandipha. Aliyense abwere ndi munthu wamkulu amene gemuyo sanaionepo. Munthuyo adzasewera mphindi zisanu, ndipo wopanga gemu adzakhala pa benchi kumbuyo, pakamwa potseka.

Sindinavutike nkusankha. Amalume a Bonifasi, mlongo wawo wa amayi, anali atapalasa kabaza kuyambira ine ndisanabadwe. Mvula ikagwa ndi iwo amene ankanditula pa geti ya sukulu, atandifunditsa pepala la pulasitiki. Ndinati mumtima, wa kabaza weniweni asewere gemu ya kabaza, Yusufu akalire kwawo. Amalume anavomera mosangalala. Tsikulo anasiya makasitomala a masana, nabwera atavala shati yoyera imene ankapita nayo ku tchalitchi.

Anayamba ndi amayi ake a Yusufu, amene ankagulitsa mandasi pa msika. Anapukuta mafuta m'manja ndi chitenje, madamu nkuwaonetsa mabatani awiri. Sipanathe nthawi, anali akukuwa, "Ilo, ilo, landithawa!" Mphindi zisanu zitakwana anapempha kuti awonjezereko pang'ono.

Amalume anakhala pampando mwaulemu, chipewa pa bondo. Madamu anawaonetsa mabatani anayi a mivi, nabwerera m'mbuyo. Poyamba mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Maenje ankawazemba ngati akuwadziwa mayina. Mbuzi anaidutsa chapatali, nkhuku anaidikira kuti iwoloke. Kenako panatulukira mayi wa dengu uja, dzanja lake lili m'mwamba. Amalume anachepetsa liwiro, nakhotetsera njinga kwa iye.

WAGWA. Kuseka kwa anzanga kunadzaza kachipindako.

Amalume anayang'ana chala chawo ngati ndi chimene chalakwa. Anayambanso. Maenje, mbuzi, nkhuku, mayi uja. Ulendo uno anamuyandikira pang'onopang'ono kwambiri, mmene amachitira akamanyamula munthu wa katundu wosweka. WAGWA. Ndinatsegula pakamwa, madamu nkundiimikira chala. Kwathu mwana sakhala phee akuonerera wamkulu akuvutika ndi chinthu chimene iye akuchidziwa, umenewo ndi mwano. Ndinakhalira manja anga pa benchipo, misozi ya mkwiyo ili m'maso. Mawu amene ndinkafuna kuwauza anali awiri okha: pewani anthu.

Kachitatu amalume anasiya mayi uja nkupita kwa bambo wina amene anaima patsogolo pake. Anagwanso. Thukuta linayamba kuoneka pamsana pa shati yoyera ija. Ndinawamva akudzilankhulira chapansipansi, "Nanga anthuwa akuimitsa njinga, ndiwapitirire?" Anagwa kasanu ndi kamodzi, ndipo nthawi zonsezo ana atatu ankawaseka kuchokera mu kompyuta, ana amene ndinawaikamo ine.

Nthawi itakwana amalume anaimirira, navula ulemu wonse umene anabwera nawo nkuupereka kwa madamu. "Gemutu ndi yabwino iyi, madamu," anatero. "Koma ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Mwanayu musamulepheretse chifukwa cha umbuli wanga."

Malo aja anapita kwa Yusufu.

Anthu atatuluka ndinatsalira, ndipo ndinalankhula ndi mphunzitsi mmene sindinalankhulirepo. Ndinati si chilungamo, akanandilola kunena mawu awiri okha amalume akanafika pa Boma. Madamu anandisiya mpaka ndinatopa.

"Esinati," anatero, "gemu yako ikalowa m'mafoni a anthu, udzapita nayo limodzi kukaima kumbuyo kwa aliyense? Amalume ako asewera bwino kuposa onse amene anaigwirapo. Akuonetsa chimene wa kabaza amachita akaona munthu m'mbali mwa msewu. Iwe unajambula njinga, koma mwini njingayo sunamufunse kanthu."

Mawuwo sanandilowe tsiku limenelo. Ndinatuluka nditatupa, ndinapeza amalume akundidikira pansi pa mtengo wa pa geti. Ndinakwera kumbuyo. Msewu wonse kunkangomveka tcheni ndi kupuma kwawo pa zitunda. Titayandikira kunyumba anati, osacheuka, "Pepa, Esi. Ukanatenga wina wophunzira." Apa ndi pamene ndinalakwa koposa zonse. Sindinawayankhe. Ndinatsika, nkulowa m'nyumba, nkuwasiya ndi mlandu umene sunali wawo. Kwa masabata atatu moni wanga kwa iwo unali wa pakamwa chabe, ndipo amayi, amene sanasowe chonena, anangoti, "Waona magemu akowo?"

Ku Blantyre ndinadzafikako ndithu, mochedwa, kudzera njira yaitali. Lero ine ndi anzanga awiri timapanga timagemu tophunzitsira ana kuwerenga, m'kachipinda kosasiyana kwenikweni ndi ka kusukulu kaja. Ntchito yanga ndi ija ndinkainyoza. Ndimapatsa munthu foni, nkukhala kumbuyo ndi kope, pakamwa potseka. Kumandivutabe, makamaka akakhala wamkulu, lilime limayabwa. Sindifunsanso kuti "Mwaiona bwanji?" chifukwa anthu a kwathu ndi aulemu, adzakuuza kuti ndi yabwino ngakhale yawazunza. Ndimayang'ana zala zawo. Munthu akagwa malo amodzi kawiri, ndimalemba kuti wolakwa ndi ine. Ndipo palibe gemu yanga imene imaseka munthu.

Gemu ya kabaza ija ndinaikonzanso. Kusintha kwake kunanditengera masana amodzi okha, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipsetsa mtima kwambiri. Tsopano ukaima pafupi ndi mayi wa dengu, amakwera, ukamufikitsa nkukuthokoza. Aliyense amene waigwira amapita kwa mayiyo popanda womuuza, monga anachitira amalume.

Ndinaitengera kumudzi pa foni yanga. Amalume akalamba tsopano, mawondo anawaletsa kupalasa, amangokonza njinga za anzawo pakhonde. Ndinakhala pansi nkuwafotokozera zonse, kuti iwo ndi amene ankalondola, kuti wolakwa ndinali ine, kuti ntchito imene ndimadyera lero anandiphunzitsa ndi iwo. Anamvetsera akugwedeza mutu, monga amachitira munthu akaona kuti mwana akungofuna kumusangalatsa. Nditawatambasulira foniyo, anapukuta girisi m'manja, nawabisa kumbuyo.

"Ayi, Esi," anatero. "Ndingakuwonongerenso."